Chikwama Chachitali cha a Fryson

Alinaswe sadziwa kukana. Anthu a kutchalitchi akamapita kumudzi amasungiza katundu m'kanyumba kake ku Columbia Heights, mumzinda wa DC, kuno kutsidya kwa nyanja: masutikesi, matayala, ngakhale maluwa ofunika kuthirira. Iye amangolandira ndi manja awiri, maso ali pansi.

Loweruka lina a Fryson, mkulu wa mpingo wokhala ku Bowie, kunja kwa DC, anatulukira akuthamangira ndege ya kumaliro. Anatsitsa masutikesi awiri, kenako chikwama chachitali, pafupi ndi pamene Tasha, khanda la Alinaswe, ankasewera.

"Ndi kamfuti kanga kosakira abakha, kaja kowomba motsatizana. Bambo akunyumba kuno akafuna, abwereke," anatero a Fryson.

Alinaswe ankadziwa kuti mu DC mfuti imalembetsedwa kupolisi m'dzina la amene akuisunga, apo ayi ndi mlandu. Mapepala ake okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Tasha anali atayamba kale kukwawira kuzipi ya chikwamacho.

"Abambo, pepani," anatero chapansipansi, "masutikesi siyani. Ichi chokha ayi."

"Amake Tasha, mukuopa chiyani? Mulibe zipolopolo umu!"

Alinaswe ananyamula mwana n'kuima pakhomo, chitseko chili chotsegula, mpaka a Fryson anatola chikwama chawo akung'ung'udza. Alinaswe anatseka chitseko galimoto yawo itakhota.