Amayi Okana Kudya Asanasambe

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mnzanga wa ku Chipata, yemwe timagwira naye ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Anandiimbira foni ndili m'basi yochokera ku Scarborough, kuno kunja kudziko la azungu, zala zitauma ndi kuzizira.

"Amake mwana, kuntchito akupatsani amayi achimwenye aja a ku Markham. Mangani chitenje. Sakudya. Mwana wawo wati zikapitirira sabata ino akawasiya kunyumba ya okalamba."

Ndinangoti Ambuye tsogolani. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, Chingerezi changa n'chothyokathyoka, koma kudyetsa munthu ndiye ndimatha. Ndalera ana anayi.

Ndinawapeza pa njinga ya olumala, kamunthu kochepa, tsitsi lili mbuu, maso akuthwa. Anali atagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mpongozi wawo anandionetsa pepala la ndondomeko: chakudya ndi mankhwala eyiti koloko m'mawa, kusamba masana, katatu pa sabata. Ndinawapititsira phala. Analiyang'ana ngati ndawapatsa mchenga. Ndinanyengerera, ndinaimba kanyimbo, mpaka ndinalawa supuni imodzi iwo akuona.

"Maliza iweyo, mwanawe," anatero akuseka. "Ukuoneka kuti ntchito imeneyi umaitha."

Masana nditawasambitsa, analoza kachipinda kapafupi ndi khitchini. Munali shelefu ya zithunzi ndi timafano tamkuwa, kabelu ndi kanyale ka mafuta. Anandiuza kuti ndivule masilipasi ndisanawalowetse. Anayatsa kanyale kaja, analiza belu, nanong'ona mawu awo kwa kanthawi. Atatsegula maso anangoti, "Njala." Anadya machapati awiri ndi mphodza, n'kufunsa ngati yatsalako.

Mawa lake silinali tsiku losamba, ndipo anangomwa madzi. Pamenepo ndi pamene mutu wanga unagwira. Kwa iwo munthu sapemphera asanasambe, ndipo sadya asanapemphere. Anayamba ali mtsikana, ndipo asanagwe ankachita zonsezi anthu asanadzuke. Pepala lathu lija ndi limene linkawakhalitsa ndi njala.

Ndinamufotokozera mwana wawo, bambo waulemu wogwira ntchito ya makompyuta. Anausa moyo.

"Ndikudziwa, mayi. Ndimaganiza kuti njala iwasiyitsa. Ngakhale wansembe wathu Wachihindu wanena kuti wodwala akhoza kupemphera mumtima basi." Kenako anatembenukira kwa amake. "Amayi, mwapemphera zaka zonsezi. Mulungu anamva kalekale. Pumulani tsopano."

"Mkazi wako unam'patsa moni chaka chatha," anayankha. "Mawa usam'patse, tione."

Mpongozi anathawira kukhitchini akuseka. Koma mwana uja sanaseke. Mantha ake anali oti amake akamasamba tsiku lililonse adzagwanso, ndipo mantha amenewo sanali opusa ayi.

Inenso ndinali ndi yanga mumtima. Ine mayi wa chigwirizano, wa bulauzi yoyera, kumakankhira munthu kwa timafano? Ndinafunsa amuna anga. Iwo sachulutsa mawu. Anati, "Iwe ukukankha njinga, sukugwada." Kenaka ndinadziganizira ndekha. Ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi. Nanga ndikadzakalamba, wina n'kudzati mami zakwana, Baibulo tiliike m'kabati? Ndingadzamulume ndithu, ngakhale ndi nkhama.

Ndinapempha akuluakulu a kuntchito kuti tisinthe pepala, amayiwo azisamba m'mawa uliwonse asanadye. Anati palibe amene angafike ku Markham seveni koloko. Ndinati ndilipo. Mabasi awiri, chipale chofewa chikundilowa m'mabuti, koma ndinkafika. Tinaika kampando m'bafa ndi chogwirira pakhoma. Mwana wawo anaimirira pakhomo masiku atatu oyamba, nkhope itachita tsinya. Tsiku lachinayi anangopita kuntchito.

Nanenso ndinalakwitsapo. Nditaona kuti amaika maluwa pashelefu paja, ndinawagulira achikasu. Powapatsa ndinayamba ndawanunkhiza, kuti aone kuti ndasankha abwino.

"Eee! Wadya kale!" anakuwa. "Mulungu ukufuna kum'patsa makombo ako?"

Duwa lonunkhizidwa saliperekanso. Anathyola limodzi n'kundisomeka pa duku, ndipo ndinaiwala, ndinayenda nalo mpaka m'basi.

Sitinakambiranepo kuti wolondola ndani pa za Mulungu. Iwo akamaliza belu, ine ndinkaima pakhomo n'kunena Atate Wathu chamumtima. Tsiku lina anandifunsa kuti ndamaliza kapena andidikire.

Kunyumba ya okalamba kuja sanapite. Papita zaka ziwiri, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anandilowetsa m'nyumba imene ija. Tsopano afooka kwambiri. M'bafa salowanso, avomera kuti ndiziwapukuta ndi thaulo lonyowa pabedi, ngakhale amandiyang'anira kuti ndisalumphe kumapazi. Manja awo amanjenjemera, machesi sawatha. Amene amayatsa kanyale ndi mwana wawo yemwe uja, ataimika galimoto panja, taye ili pakhosi. Amake amamukalipira kuti belu akuliza ngati wogulitsa ayisikilimu.

Sabata yatha adokotala anamuitanira mwanayo pambali, ndipo pobwera maso anali ofiira. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada m'mawa kapena madzulo, likumbukireni banja limeneli, makamaka bambo ameneyu ndi mkazi wake.