A Kalinde ndi Bwana Kabudula

Makina anga osokera akhala pakhonde limodzi ndi chitseko cha vidiyo ya a Bonifasio Kalinde pa Namadzi kwa zaka zambirimbiri. Mafilimu ambiri sindinawaone ndi maso. Ndinkangowamvera pakhoma uku ndikupondaponda makina, ndipo theka la zimene ndinkadziwa za maiko akunja ndinazimva kwa bambo ameneyu, zoona ndi zabodza zomwe.

A Kalinde ndi munthu wamfupi, wadazi, woyenda mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Kwawo ndi ku Mbulumbuzi. Sukulu analekezera sitandade sikisi, n'kuyamba kugulitsa nandolo, kenako anakalondera ku Limbe, komwe anabwerako ndi TV yakale ndi deki. Ntchito imene anadzipezera inali yotere: filimu ikayamba ankatsitsa mawu ake, n'kukhala pakampando pambali, maikolofoni ili m'manja, n'kumalankhulira aliyense wa mufilimumo m'Chinyanja. Msilikali, mayi wolira, chigawenga, ngakhale galu akauwa anali ndi zonena. Anthu ankakwera kabaza kuchokera ku Njuli kudzangomva pakamwa pawo.

Amene anawatchukitsa kwenikweni ndi Bwana Kabudula. M'mafilimu a anthu a ku Amereka opita kukaona maiko a eni simulephera kupezeka chimunthu china cha mimba, chovala malaya a maluwamaluwa, kabudula wolekeza m'mawondo ndi masokosi oyera, kamera ili lendelende pakhosi. Sichipereka moni, chimalankhula mokuwa, chakudya cha eni chimachinunkhiza kaye. Osewerawo ankasintha, koma kwa a Kalinde onse anali munthu mmodzi, ndipo akangotulukira pa TV nyumba yonse inkayamba kuseka iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Iwe! Phiri ili mukugulitsa bwanji? Ndikulungireni, ndikaike kuseri kwa nyumba yanga!"

Ana a pamsika analoweza mawu amenewa. Inenso ndinathyolapo singano kangapo chifukwa cha kuseka.

Pakamwa pomwepo ndi pamene panaphunzitsa mwana wawo Selestina mpaka anakhala namwino ku Zomba. Kumeneko anadziwana ndi Kolini, mnyamata wa ku Amereka amene ankaphunzitsa pa koleji ina. Kolini tinamuona, anali wofatsa, polandira kanthu ankalandira ndi manja awiri. Koma kwathu kuno bambo amabereka chabe, mawu omaliza pa ukwati wa mwana ndi a malume ake. Malume a Selestina anali a Mikaele, mlongo wawo wa mayi Falesi, akazi a a Kalinde. Tsoka lake, a Mikaele ndiwo ankakhala pabenchi lakutsogolo m'vidiyomo kuyambira tsiku limene inatsegulidwa.

"Mnyamatayo achita kumuphunzitsa," anatero a Mikaele. "Anthu akwawo ndimawadziwa ine, ndawaona ndi maso angawa. Mbumba yanga sipita kwa anthu osapereka moni. Abwere malume ake ndiwaone. Ndipo womasulira akhale alamuwa, chifukwa Chingerezi cha anthu amenewa ndiwo amachimva."

Mawuwa ananenera pakhonde pathu. Atachoka, Selestina anatsala ndi bambo ake, ndipo ine ndinachita ngati ndikufuna ulusi pansi pa tebulo.

"Ababa, muwauze amalume."

"Ndiwauze chiyani, mama?"

"Kuti Chingerezi chanu ndi cha moni basi. Ine ndinadziwa ndili folomu wani, sindinauzepo munthu. Koma tsiku limenelo mudzatani?"

A Kalinde anangopukuta dazi lawo ndi chipewa.

"Amalume akakana, ine ndipitabe naye," anatero Selestina. "Koma sindikufuna kuchoka pakhomo panu ngati mbava."

Kunena zoona ndinakhumudwa. Zaka zonsezo ndinkatamanda munthu kuti amadziwa Chingerezi, chonsecho akungopeka! Ndinafuna kukwiya, koma nditawaona akulowa m'vidiyomo ali wera, mkwiyo unandithera. Ndinaona kuti atsala ndi njira ziwiri, ndipo zonse zinali zaminga. Akaulula, dzina limene ankadyera litha. Akapanda kuulula, ukwati wa mwana wawo udzaima pa bodza, kapena osaima n'komwe.

Tsiku linafika, Loweruka lina m'mawa, kumudzi ku Mbulumbuzi. Ine ndinapita chifukwa ndine ndinasoka diresi ya Selestina, komanso sindibisa, ndinkafuna kuona. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, ife amayi pamphasa chapambali. Anthu anachuluka kuposa amene anaitanidwa.

Galimoto itaima, Kolini anatsika atavala jekete. Pambuyo pake panatuluka malume ake, a Delibati. Mayo ine! Mimba ija, malaya a maluwamaluwa aja, kabudula, masokosi oyera, kamera pakhosi. Mukanati angotsika kumene pa TV ya a Kalinde. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Abwera kudzagula phiri," ndipo amayi tinabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka.

Mlendoyo anakuwa moni wake mpaka nkhuku zinabalalika. Anagwira chanza aliyense ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba. Atafika pa mayi Falesi anawakumbatira, pamaso pa amuna awo ndi mlongo wawo, mayiwo n'kuuma gwa. Kenako anatijambula osapempha. A Mikaele anatembenukira kwa a Kalinde n'kugwedeza mutu, ngati akuti, suja munkanena.

Atakhala pansi, a Mikaele anati mlendo anene chimene wadzera. Pa mwambo wotere mnyamata ndi mtsikana salankhula, choncho Kolini anangokodola malume ake. A Delibati anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali, mokweza, thukuta lili kamukamu. Atamaliza, maso onse anapita kwa a Kalinde.

Ine ndinapemphera kuti anamize. Munthu amene ankalankhulitsa galu akanalephera bwanji kuika mawu okoma m'kamwa mwa mzungu? Palibe akanawatsutsa. Selestina anali atazyolika, Kolini sakanayerekeza kuchititsa manyazi apongozi ake. A Kalinde anaimirira, n'kuvula chipewa, n'kutsokomola monga amachitira filimu ikamayamba.

"Alamu," anatero, "pa zonse zimene anena bambowa, ine ndamvapo dzina la mwana wanga lokha."

Kenako anapitiriza.

"Chingerezi sindichidziwa. Sindinachidziwepo. Zija za kugula phiri ndinapeka ndine. Chipongwe chonse cha Bwana Kabudula chinkatuluka m'kamwa mwanga muno. Iye ankangoyendetsa milomo, zimene ankanena eni ake ndiwo akudziwa. Ngati mukukana anthuwa chifukwa cha mwano, wamwanoyo ndine, ndipo mlongo wanu munandipatsa kale."

A Mikaele anatong'ola maso. "Zaka twente, alamu? Mwandinamiza zaka twente?"

"Twente-thu. Pepani."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kopweteka. Ndinamva mnyamata wina akuti, "Basi, atha awa." A Kalinde anamva nawo, koma sanakhale pansi.

"Chimodzi chokha ndiye ndimachitha," anatero. "Ndakhala ndikuyang'ana nkhope za anthu olankhula zimene sindikumva, tsiku ndi tsiku, kuti ndidziwe ngati akukalipa kapena akupempha. Taonani dzanja lili m'thumbalo. Sakunyada, akulibisa chifukwa likunjenjemera. Mukalankhula akumapotoza mutu kuti khutu lakumanja lidze kwa inu, ndiye kuti linalo silimva, n'chifukwa chake akukuwa. Ndipo polankhula paja agwira kamerayo katatu, mawu n'kutsika. Alipo wina amene sanabwere. Mwina akazi awo anamwalira. Bambowa sanabwere kudzagula kanthu, alamu. Akuchita mantha ngati mwana woyamba sukulu."

A Mikaele anayang'ana dzanja lija. Tonse tinaliyang'ana. Thumba la kabudulalo linkagwedera ndithu.

"Selestina," anatero a Mikaele patapita nthawi, "mwambo tauphwanya kale. Tamasulira iweyo. Koma ukandinamiza ngati bambo akowa, uona."

Selestina anagwada n'kumasulira, akufunsanso mlendoyo pena ndi pena. A Delibati anagwira ntchito zaka makumi atatu m'fakitale ya makina aphokoso, ndiko kunafera khutulo. Ndege anali asanakwerepo. Pa za akazi awo a Kalinde anaphonya, mayiwo ali moyo ndipo akuti ndi olongolola kwambiri. Amene sanabwere anali mlongo wawo, mayi ake a Kolini, amene ali chigonere ndi matenda. Iwowo ndi amene anawapatsa kamera kuti ajambule nkhope ya aliyense, aone anthu amene akulandira mwana wawo.

"Akutinso," anapitiriza Selestina, "Afirika ankangoiona m'mafilimu. Ankaona mikango ndi anthu a mfuti, ndipo m'ndegemo sanagone chifukwa cha mantha. Malayawa anachita kufunsa m'sitolo kuti kumaiko otentha amavala chiyani. Akuti ngati alakwitsa kanthu muwakhululukire, sakudziwa makhalidwe a kuno, angobwera chifukwa anamva kuti popanda malume mwana sakwatira."

A Mikaele anaphulika kuseka mpaka misozi. "Ndiye kuti nawonso ali ndi Kalinde wawo kumeneko!" Anaimirira, n'kukagwira dzanja lonjenjemera lija ndi manja awo onse awiri. Mayi Falesi anayambitsa nthungululu. Selestina sanayang'ane Kolini, anayang'ana bambo ake, misozi ili mbwembwembwe.

Ukwati unachitika, ndipo Selestina anatuluka pakhomo pa makolo ake masana, anthu akuimba. Koma nkhani imathamanga. Titachoka ku Mbulumbuzi Loweruka lija, pofika Lolemba msika wonse wa Namadzi unali utamva zimene a Kalinde anaulula. Anyamata a minibasi ankati akawaona a Kalinde, "Aphunzitsi, tatiuzeni, gudu moning'i ndiye kuti chiyani?" Mabenchi, amene anali atayamba kale kuchepa anthu chifukwa cha mafilimu a m'mafoni, anatsala pang'ono kukhala opanda munthu. A Mikaele nawo, ngakhale anavomera ukwati, pa vidiyo sanapondepo mwezi wathunthu. Ine ndinakangana ndi anthu angapo pakhondepo, mmodzi ndinamubwezera nsalu yake yosasoka. Ndikudziwa anthu ambiri ophunzira amene sakanaimirira pansi pa mango paja. A Kalinde sankayankha aliyense. M'mawa uliwonse ankasesa, n'kupukuta maikolofoni yawo, n'kutsegula chitseko.

Masana ena ndinaona a Mikaele akutsika njinga. Sanandipatse moni bwinobwino, anangolowa n'kukakhala pabenchi lawo lakutsogolo. Filimu inali yakale, ndinaizindikira nyimbo yake, ndipo ndinadziwa malo amene chimunthu cha malaya a maluwa chimatulukira pamsika wa eni. Ndinaimitsa makina kuti ndimve za phiri.

Kenako ndinamva mawu omwe aja a Bwana Kabudula, okweza, osasa.

"Muli bwanji nonse? Pepani ndikukuwa, khutu langa silimva. Ndine mlendo kuno, kwathu n'kutali, ndipo ndasochera. Alipo angandilozereko njira?"

M'nyumbamo simunamveke kuseka. Ndinangomva a Mikaele akuyankha TV ija mokweza, monga amayankhira munthu amene waima pakhomo pawo.

"Tili bwino, bambo. Khalani pansi kaye."