Jeke ya mayi a Tadala

Mkazi wanga. Nyimbo zake posoka fodya m'chigafa. Munda, poti ndinali mkamwini. Ndi jeke yodindira mabelo. Ndizo ndinataya chaka chatha.

Zitatu zoyambazo sindingazibweze. Jeke ndaiona Lachiwiri.

Ndinapita ndi mwana wathu Tadala ku Kapelula kukaona agogo ake. Kuseri kwa nyumba ya atsibweni a malemu ndinaipeza itagona paudzu, dzimbiri lili psuu, nkhuku zikuikira pansi pake.

Mayi a Tadala anaigula tisanakwatirane. Nyengo yodinda ikafika, alimi ankabwera ndi ngolo kudzaibwereka, iwo ataima pakhomo, manja m'chiuno: "Mukaibweze yopaka mafuta." Ankandiseka kuti ndi sukulu yanga yonseyi belo langa limatuluka lopendekeka. Ankati jekeyo ndiyo idzaphunzitse mwana.

Pa tsiku lometa, abale anasankha atsibweniwo kuti agawe katundu. Anagawa bwino ndithu: zitenje, mbuzi, mapoto. Atafika pa jeke anati aisunga.

Lachiwirilo ndinawafunsa mwaulemu kuti akusungira yani.

"Akamwini," anatero, "mkangano wa mbuzi anathetsa ndani? Kwa amfumu ankapita ndani? Nanga ine nditope chabe?"

Sanakweze mawu. Sanachitenso manyazi, ndipo n'zomwe zikundisowetsa mtendere.

Owerenga, wogawa chuma cha masiye timamusankha chifukwa timamukhulupirira. Ntchito yake n'kufikitsa chinthu kwa mwini wake, makamaka mwiniwakeyo akakhala mwana woti sangadziyankhulire. Ngati watopa, anene pagulu, abale amuthokoze ndi nkhuku kapena mbuzi, aliyense akuona. Koma kudzilipira yekha, n'kumati akusunga? Kodi mawu oti "kusunga" abisa njinga zingati, malata angati, m'midzi yathuyi?

Ifenso timangoyang'ana. Mkamwini amati si kwathu. Azakhali amati maliro angotha kumene, tisayambe phokoso. Mwana amakula osadziwa kuti mayi ake anamusiyira kanthu.

Ndakhala chete chaka chonse, ndikumati ndi ulemu. Loweruka ndibwerera ndi ankhoswe athu ndi ngolo. Mwina pamudzipo sadzandilonjeranso bwino, komabe ndipita.

Tsiku lomwe ndinkanyamuka ndi mayi a Tadala kupita nawo kuchipatala, kumwamba kunali kutada. Atakhala kale m'galimoto, anandigwira malaya. Awa ndiwo anali mawu awo omaliza:

"Bambo a Tadala, jeke ija ili panja. Mukailowetse, mvula ikubwera."