Makobidi Asanu, Nthawi Zonse

A Delbert Pruitt anafika ku Las Vegas ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, msana utatopa ndi ntchito yokonza makina oziziritsa m'nyumba ku Bakersfield. Sabata yoyamba yomweyo analuza ndalama yogulira matayala a galimoto pa makina a juga ya makhadi yotchedwa pokala. Wina akanalira n'kuleka. Iwo anapita kukagula buku.

Bukulo linabala mabuku anzake. Lero pashelefu yawo pali mabuku khumi ndi anayi, matepi ophunzitsa amene choonera chake chinafa kalekale, ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imalira ngati mwanapiye munthu akasunga khadi lolakwika. Kwa zaka ziwiri inkawalirira m'mawa uliwonse. Tsiku limene inakhala chete, iwo anadzikhazika uphunzitsi, popanda wowasankha.

Anapanga kakhadi kawokawo ka malangizo, kokutira ndi pulasitiki, kokwana m'thumba la malaya. Mizere yake ndi yotola m'mabuku a eni ake, koma musayerekeze kuwauza zimenezo. Pamwamba penipeni, ndi zilembo zofiira, pali lamulo loyamba: MAKOBIDI ASANU, NTHAWI ZONSE.

Lamuloli lili ndi chifukwa chake, ndipo a Delbert alifotokoza kwa aliyense amene anachita tsoka lokhala nawo pafupi mu kasino, nyumba ya juga yotchedwa Copper Burro. Makina amakupatsa makhadi asanu, usunge amene ukufuna, enawo akusinthire. Makhadi asanuwo amatchedwa dzanja, ndipo dzanja lalikulu kuposa onse ndi royo: teni, jeki, mfumukazi, mfumu ndi esi, onse a mtundu umodzi. Royo ikabwera utaponya makobidi asanu pa makina a dola, ndi madola zikwi zinayi. Makina amaima, nyali ya pamwamba imathwanima, belu limalira, antchito amabwera kudzakulipira m'manja, ndipo ku Copper Burro amakujambula n'kupachika chithunzi pakhoma la pafupi ndi chipinda chodyera. Ikabwera utaponya khobidi limodzi, makina amangokuwonjezera madola mazana awiri ndi makumi asanu mwakachetechete, ngati munthu wopereka chopepesa pamaliro a mdani.

Tsono nachi chimene chinkawadya a Delbert: m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, royo inali isanawabwererepo. Pakhoma paja panali agogo oyenda ndi botolo la mpweya, oyendetsa matakisi, ngakhale mlendo wina woledzera amene anadina batani ndi chigongono. Mphunzitsi wamkulu panalibe. Mabuku amati royo imadza kamodzi pa manja zikwi makumi anayi, koma afikako liti munthu amene amasewera dzanja limodzi n'kulalikira mphindi khumi?

Felemu yodzaikamo chithunzi chawo anali atagula kale chaka chachiwiri, yagolide m'mbali. Inapachikidwa pabalaza, yopanda kanthu, ndipo akazi awo a Lorraine ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse mwa dala.

"Del, bwanji tiikemo chithunzi cha galu?" ankatero. "Iye bola anapambanapo mpikisano."

"Sunga khosi, Lorraine."

"Khosi lake liti? Lakwinyika kale lonse, mkanda udzakhala pati?"

Ophunzira ankawapeza pa chakudya chotchipa cha m'mawa, mazira awiri ndi bekoni, kumene okalamba ongosamukira kumene mumzinda amasonkhana ngati nkhuku zachilendo. Ndimo mmene anapezera a Marlys Odegaard, mayi wamasiye wa ku North Dakota amene anathawa chisanu n'kudzakhala pafupi ndi mwana wawo wamkazi. A Marlys anali asanagwirepo makina, ndipo ankalemba chilichonse m'kope ngati ali ku Sande sukulu. A Delbert anadzitukumula ngati finye.

Lachiwiri lina, cha m'ma teni koloko m'mawa, anakhala pa makina a pakona, a Marlys ali pambali ndi kakhadi ka malangizo kaja m'manja.

"Lamulo loyamba?" anafunsa a Delbert.

"Makobidi asanu, nthawi zonse."

"Lachiwiri?"

"Makina sakumbukira. Alibe chifundo, alibe mkwiyo, sadziwa kuti dzulo munaluza."

"Eya! Inu mufika patali, mayi. Ena ndimawaphunzitsa mwezi wathunthu, mutu uli gwa ngati mwala."

Koma a Delbert anali ouma manja, ndipo pophunzitsa ankasewera ndi ndalama yawo. Motero anali ndi kachizolowezi kamene sikanalembedwe pa pulasitiki. Anadina batani la makobidi kamodzi kokha.

"Pepani a Pruitt," anatero a Marlys, akuyang'ana pa galasi la makina n'kuyang'ananso pa kakhadi kaja. "Apa palembedwa wani."

"Panopa tikungophunzira. Izi siziwerengedwa."

"Makinawo akudziwa kuti tikungophunzira?"

"Mayi, inu yang'anani makhadi. Za makobidi ndisiyireni ine."

Manja anayi anadutsa opanda kanthu, lililonse ndi ulaliki wake. Dzanja lachisanu linabwera chonchi: jeki, mfumukazi, mfumu ndi esi, onse a mitima, ndi folo wa mtundu wina. Maso a mphunzitsi anathamangira pakona ya galasi pamene panali kanambala kaja, kowongoka ngati chala cholozera munthu. Makhadi akagawidwa, khobidi silionjezedwanso.

"Tisunga anayiwa, eti?" anatero a Marlys mosangalala, chala chili pa mzere wina wa kakhadi kaja. "Zalembedwa apa."

Taonani tsono mphunzitsi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akupemphera chamumtima kuti aluze. Anaganizako zosunga folo uja, kuti aononge dala dzanjalo, koma wophunzira anali atatong'ola maso, kope lili pamwendo. Makhadi otsala anali makumi anayi ndi asanu ndi awiri, teni wa mitima mmodzi yekha. Anadzilimbitsa mtima ndi masamu awo omwewo, nadina.

Chakudza sichiimba ng'oma. Teni wa mitima anatera pamalo pake bwinobwino, makina anaimba kanyimbo kafupi, nambala ya m'munsi inakwera, basi. Nyali sinathwanime. Mayi wogawa khofi anadutsa ndi thireyi yake osacheuka n'komwe.

"Ndi imeneyi!" anakuwa a Marlys, akuomba m'manja. "Ndi royo ija! Nanga belu lili kuti?"

A Marlys anasuzumira pamwamba pa makinawo.

"Mwina lawonongeka? Ndiitane munthu?"

"Ayi! Musaitane aliyense. Khalani pansi, chonde."

Koma anthu a Copper Burro ali ndi makutu a mleme. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, onse amene a Delbert anawalalikirapo, onse amene anawaseka chifukwa chosunga esi pambali pa makhadi awiri ofanana. Aliyense ankayang'ana makhadiwo, kenako kanambala ka pakona, kenako a Delbert. Dalaivala wina wa takisi, amene chithunzi chake chili pakhoma kawiri, anawasisita paphewa.

"Zabwino zonse, aphunzitsi. Mugule matayala."

A Marlys, mtima wawo wabwino, anaona kuti bamboyo watuwa milomo ndipo anafuna kumutonthoza. Anatsegula kope.

"Musadandaule a Pruitt. Makina sakumbukira. Ibweranso, pakangopita manja zikwi makumi anayi."

A Delbert ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndipo masamu amawadziwa. Mawuwo anawapweteka kuposa chipongwe cha wa takisi uja. Pamene ankaweramitsa mutu, a Marlys anatulutsa foni n'kuwajambula, poti anamva chisoni kuti a kasino sabwera ndi kamera yawo. Madzulo ake anatumiza chithunzicho kwa a Lorraine, ndi mawu othokoza chifukwa cha phunziro labwino.

A Delbert akuphunzitsabe mpaka lero, ngakhale ophunzira anachepa, ndipo pa lamulo loyamba amadutsapo mothamanga. Dzina lawo ku Copper Burro tsopano ndi Khobidi Limodzi. Ngakhale ogawa khofi amawaitana choncho.

A Lorraine anakasindikiza chithunzi chija kusitolo, chachikulu ndithu, n'kuchiika mufelemu yagolide. Chinakwana ndendende. Makhadi asanu a mitima akuoneka bwino, nkhope ya a Delbert ikuoneka bwino, ndipo kanambala ka pakona a Lorraine anakazunguliza ndi cholembera chofiira, kuti alendo a maso ofooka asavutike.

"Wadikira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuti felemuyi idzaze, Del," anatero. "Suiyang'ana?"

Kuyambira tsiku limenelo a Delbert amalowa m'nyumba mwawo kudzera kukhomo la kukhitchini.