Palibe wandiona ndikufika pamwamba pa Chowe

Salamu aleikumu abale nonse.

Lero kalabu yathu ya njinga inali ndi mpikisano wokwera chitunda cha ku Chowe. Amatinyamutsa mmodzimmodzi, aliyense kulimbana ndi wotchi. Ine ndinali womaliza, ndipo mvula inakula nditangonyamuka.

Ndapalasa ndekhandekha, tayala likuterereka, koma sindinatsike olo kamodzi. Kufika pamwamba, kuli zii, mzere wa laimu womalizira utakokoloka. Ndinafuula nambala yanga katatu, koma zinayankha ndi mbuzi.

Che Amidu, ogwira wotchi, ndinawapeza akuusa mvula pakhonde la mzikiti. Akuti, "Pepani akulu, timayesa mwabwerera panjira." Nthawi yanga sanalembe.

Za mpikisanowu ndinalemba pano Lolemba, ndipo nonse munawerenga. Mwezi wamawa ndipitenso kapena ndingosiya? Chikho sindikuchifuna ine. Ndikungofuna mmodzi wa inu adzaone kuti ndafika.