Kapini Kamene Ndinkasaka Pansi pa Mipando

Chizindikiro choyamba chinali kutsamwa. Linali Loweruka masana kumayambiriro kwa Juni, ndili pakhonde la nyumba yathu ku Area 25. Ndinali nditapana tipini titatu tapulasitiki ndi milomo, chifukwa manja onse awiri anali atagwira mkono wa kireni. Mphepo inadzutsa fumbi, ndipo ndinakoka mpweya kuti ndiyetsemule. Ndinatsokomola mpaka misozi, maso kuchita kutuzuka, kenako chifuwa chinangoti zii. Pansi ndinatola tipini tiwiri.

Ena adabwa kuti bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, ankatani ndi tipini pakamwa. Ntchito yanga ndi yokonza mamota a zigayo. Ndikaweruka ndimamanga makireni ang'onoang'ono, otengera makina aja amakweza zitsulo pomanga nyumba zosanja. Ndimawamanga ndi tinjerwa tapulasitiki toseweretsa ana, timene ndimasankha m'milu ya zidole za kaunjika. Ndikaikamo kamota ka mabatire, magiya ndi ulusi, kireniyo imatembenuka n'kukweza botolo la madzi. Tili ndi gulu pa intaneti, anthu a m'mayiko osiyanasiyana okonda zimenezi, ndipo timatumizirana mavidiyo. Tipini tolumikizira zidutswa n'tating'ono, tikagwa sitipezeka, choncho ambiri a ife pakamwa tinapasandutsa dzanja lachitatu. Akazi anga, a NyaGondwe, anandiletsa kangapo konse. Ine ndinkangoseka.

Kapini kachitatu, kakuda, ndinakasaka masiku awiri. Ndinasesa khonde, ndinasuntha mipando, ndinakutumula ngakhale nsapato. Pagulu paja ndinalemba kufunsa ngati pali chimene ndingaike m'malo mwake, poti m'kaunjika tipini totere n'tosowa. Sindikunamizani, maganizo oti kapiniko kali mkati mwanga anandifikira. Ndinawakankhira kutali. Ndinadziuza kuti ngati ndakameza, katuluka kokha monga zimatulukira nthanga za gwafa.

Sabata yachiwiri kunayamba chifuwa chouma. Mu Juni aliyense amatsokomola, ndiye a NyaGondwe anandiwiritsira mandimu ndi jinja. Sabata yachitatu thupi linayamba kutentha madzulo aliwonse, ndipo kumanja, pansi pa nthiti, kunkabaya ndikapuma mozama. Lolemba ndinatenga kabuku kanga n'kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Ndinafika dzuwa litangotuluka, koma ndinalowa kwa dokotala cha m'ma leveni.

"Chinayamba bwanji chifuwachi, abambo?" anafunsa dokotalayo.

Chitseko chinali chosatsekeka bwino, ndipo pabenchi yapanja panakhala amayi awiri a mumpingo mwathu. Ndinaona m'maganizo nkhani ikuyenda Area 25 yonse, kuti mkulu wa mpingo wameza chidole.

"Ndi kuziziraku," ndinayankha.

Anandiuza kuti ndi chibayo, nandipatsa makapisozi a sabata imodzi. Ndinapezako bwino, ndipo ndinadzitamanda kuti ndachita bwino kukhala chete. Pakati pa Julaye matenda anabwerera, mbali yomwe ija, malo omwe aja. Anandiyeza makhololo kawiri kufuna chifuwa chachikulu, osachipeza. Ekisire inaonetsa banga loyera m'munsi mwa phapo lakumanja. Anandisinthira mankhwala, banga silinasunthe. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Tsiku lina ndili kuntchito ndinalavula m'kansalu, ndipo munali timizere ta magazi. Kansaluko ndinakataya m'dzala kuti kasafike kunyumba.

Anthu oyandikana nafe anali atagamula kale kuti ndi chifuwa chachikulu. A NyaGondwe anandipatulira kapu ndi mbale, ndipo zidzukulu zinasiya kubwera. Kutchalitchi ndinaleka kuwerenga mawu, chifukwa mpweya unkandithera pakati pa vesi. Ndinkachita mantha kwambiri, koma manyazi ankaposa manthawo. Dokotala aliyense amene anandifunsa ndinamuuza za kuzizira.

Kumayambiriro kwa Ogasiti ndinali nditasiya kupita kuntchito. Pofuna kudzisangalatsa ndinamaliza kireni ija, ndipo pabowo la kapini kosowa ndinalowetsapo chitsotso cha machesi. Ndinajambula vidiyo ikukweza botolo n'kuitumiza pagulu. Anzanga anayamikira, koma angapo anati mota ikulira ngati wenzulo, ndithire mafuta m'magiya. Kenako analemba a Tembo, mayi wina wa ku Zambia amene sindinakumanepo naye, katswiri wa makireni ataliatali.

"A Mhango, mvetserani pamene mwazimitsa mota. Kulirako kukupitirira. Si mota ayi, ndi kupuma kwanu. Kodi kapini kaja munkafunsa mu Juni munakapeza?"

Ndinaionera vidiyoyo katatu. Kireni itaima, botolo lili lendelende, kamluzu kopyapyala kankamvekabe, kulowa ndi kutuluka. Ndinatembenuka. A NyaGondwe anali pakhomo, chitenje m'manja, akumvetsera nawo. Ndinawauza zonse, kuyambira pa fumbi lija mpaka kansalu ka magazi. Anakhala pansi kaye asanayankhe.

"Masabata onsewa ndikukutsukirani kapu yanuyanu, anthu akundiloza zala pampopi, inu mukudziwa? Valani, tizipita."

Kuchipatala chachikulu tinadikira tsiku lonse, kuchoka pamzere wina kupita pamzere wina. Dokotala amene anandiona anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Ndinamufotokozera nditazolika, ndikudikira kuti aseke. Sanaseke. Anaika cholembera pansi n'kuyang'ananso ekisire ija.

"Abambo, zinthu zapulasitiki sizioneka pa ekisire. Ife timadalira zimene mwatiuza. Kapiniko kakhalitsa mkatimo, ndipo mnofu ukhoza kukhala utamera mokazungulira. Tikalephera kukatulutsa ndi kachubu, tidzayenera kung'amba ndi kudula mbali ya phapolo."

Anandigoneka m'chipatala tsiku lomwelo. Katswiri wolowetsa kachubu kokhala ndi kamera m'mapapo anali ndi odwala ambiri, choncho ndinadikira masiku asanu. M'mawa uliwonse anamwino ankayeza kutentha kwa thupi, kupanitsa kachida pachala, ndi kubaya mankhwala pamkono. Kenako madokotala ankazungulira, ndipo alonda ankatulutsa otidikirira kuti akakhale panja. Bambo wa pabedi loyandikana ndi langa, wa ku Njewa, ankapumira makina. Tsiku lachitatu, nthawi ya phala, anamwino anatchinga bedi lake ndi nsalu. Pofika masana panali patagona munthu wina. Ndinayang'ana kudenga ndikumvetsera kamluzu kanga, ndipo ndinazindikira kuti ine ndamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tsiku la kachubu litafika anandiletsa kudya. Anabweretsa pepala lovomereza kuti kachubu kakakanika apitirize ndi opaleshoni. Ndinasaina. A NyaGondwe anandiperekeza mpaka pachitseko chimene saloledwa kudutsa.

Nditatsitsimuka kukhosi kunkawawa ngati ndameza mchenga. Chinthu choyamba ndinapapasa pachifuwa kufuna bandeji. Panalibe. Dokotala uja anabwera ndi kabotolo, m'katimo muli kapini kakuda, kosathyoka ngakhale pang'ono.

"Phapo talisiya," anatero. "Koma kumunsi kumene kanatsekako kwawonongeka, ndipo sikudzabwerera mwakale. Mukanabwera sabata yoyamba mukanatuluka tsiku lomwelo."

Ndinakhalanso m'chipatala sabata imodzi kuti mafinya aume. Panopa papita miyezi isanu ndi umodzi. Kamluzu kanatha, thupi linabwerera, ndipo ndinayambiranso ntchito. Mota ya chigayo sindinyamulanso ndekha, ndipo pokwera chitunda chochokera kusiteji ndimaima kawiri. Kuchipatala ndimapitabe kukaonedwa. Makireni sindinasiye, koma tipini timakhala m'kambale kamene a NyaGondwe anandiikira patebulo mosandifunsa. Nditalemba nkhaniyi pagulu, anzanga ambiri anavomera kuti nawonso amapana tipini pakamwa. Sabata yomweyo m'malo mwa makireni tinkatumizirana zithunzi za timbale. Kapini kaja sindinakabwezere pamalo pake. Kali m'kabotolo pashelefu, ndipo kireni ikugwirabe ntchito ndi chitsotso.

Kwa inu amene mukuwerenga, mukatsamwa ndi kanthu kenako chifuwa n'kukana kutha, musadikire, pitani kuchipatala. Mukafika kumeneko nenani zonse mmene zinayambira, ngakhale zikhale zochititsa manyazi chotani, ngakhale pabenchi yapanja pakhale ndani. Dokotala sangalote zimene mwabisa.

Lamulungu loyamba nditachira ndinapempha mpata kutchalitchi. Ndinaimirira kutsogolo, kabotolo m'manja, ndipo ndinauza mpingo wonse kuti mkulu wawo anadwala chifukwa cha chidole. Anaseka ndithu, amayi awiri aja ali patsogolo. Kuseka kumene ndinakuthawa miyezi iwiri kunatha ndisanafike n'komwe pampando wanga. Chipsera cha m'phapo ndidzapita nacho kumanda.