Ndinkangoti ndikudutsa pa Mitundu

Atanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mitundu, ndinalumbira kuti sindikamalizako chaka. Kwathu ndi ku Nsanje, ndipo amuna anga anatsala komweko pantchito yawo. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi, kalata ya transifa yondibwezera kwathu. Chaka chilichonse ndinkalemba pempho, ahedi n'kusayina, pepala n'kupita ku ofesi, kenako zii. Zaka zinayi zinatha chonchi, mbale zanga zabwino zili m'katoni kunsi kwa bedi.

Malowo ndinkadana nawo, sindibisa ayi. Kuzizira kwa mu Juni kunkandilowa m'mafupa, ana a sukulu akuthamanga opanda juzi ngati palibe kanthu. Nanga moni wake! Mwadzuka bwanji, kaya kunyumba, kaya odwala aja, uku belu likulira. Ine ndinkangoyankha ndikuyenda. Loweruka likafika miyendo inkandiyabwa. Ndinkakwera kabaza mpaka ku Nathenje, fumbi lili koboo, popanda n'chokagula chomwe. Ndinkangoima m'mbali mwa msewu wa tala n'kumaona mabasi olowera ku Blantyre, mtima uli m'mwamba. Makondakitala anafika pondizolowera.

"Amayi, lero mukwera, kapena mwabweranso kudzationerera?"

Ndinkawalalatira ndithu, koma ankanena zoona.

Kuseri kwa nyumba za aphunzitsi kunkakhala mayi wina wamkulu kwa ine, mlimi wa fodya ndi chimanga, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Chaka chilichonse mvula ikagwa ankabwera pakhomo panga.

"Aphunzitsi, kamalo kali apo kangokhala. Bzalanipo mbatata."

"Mayi, adzakumbe ndani? Inetu ndikungodutsa pano."

"Ee, odutsa inu! Mwadutsa mpaka nsapato zatha."

Zinkandikwiyitsa zedi, chifukwa ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Maliro akagwa m'mudzi mwawo sindinkapitako. Ndinkati ine ndine mlendo, womwalirayo sindikumudziwa, ndikalira chiyani. Ndinkatseka chitseko n'kumachonga makope.

Chaka chachinayi, nditabwerako kutchuthi cha Khirisimasi, ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Anali mwana wathu woyamba. Ndinalembanso pempho, ulendo uno mochonderera kwenikweni, chifukwa ndinkafuna kukachirira kwathu pafupi ndi amayi anga. Yankho silinabwere. Ndinati chabwino, ndipirira mpaka teremu ithe, ndikapita ndapita. Koma mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa wina ndikulemba masamu pa bolodi, msana unandigwira moti choko chinagwa. Aphunzitsi anzanga anathamanga nane kuchipatala. Pofika masana mwana anali atabadwa, wamkazi, koma sanalire.

Namwino anandipatsa nthawi, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achibale anu ali kuti, amayi? Mwanayu afunika kukaikidwa."

Ali kuti? Amuna anga anali ataimbiridwa foni, koma kuchokera ku Nsanje ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Aphunzitsi anzanga nawonso anali obwera ngati ine, opanda manda kumeneko. Ndinatembenukira kukhoma. Chisoni chinalipo, inde, koma chimene chinandikwinya pamtima chinali manyazi. Zaka zinayi ndili pamalo, ndipo mwana wanga analibe pogona.

Dzuwa litapendeka ndinamva mawu aja pakhonde la chipatala, akufunsa kuti aphunzitsi a ku Nsanje agonekedwa kuti. Mayi uja analowa ndi anzake atatu, makasu atawasiya panja. Tsiku limenelo sanaseke. Anamasula chitenje chimene anakolekera paphewa, chatsopano chosachapa, n'kumukulunga mwana bwinobwino.

"Aphunzitsi, maliro otere ndi athu amayi," anatero. "Amuna sapitako, inunso simupita. Tikamuika kumanda kwathu."

"Mayi, ine si wa kuno," ndinayankha ndikulira. "Pa maliro anu sindinapondepo ngakhale kamodzi."

"Khalani chete inu. Mwana wabadwira kuno, ndi wa kuno."

Anatuluka naye atamufukata ngati wamoyo. Atabwerako sanandiuze zambiri. Masabata otsatira ankabwera mosinthana, wina ndi nkhuni, wina kudzanditungira madzi, wina kungokhala pakhonde n'kumasenda mtedza. Amuna anga anakhala masiku ochepa n'kubwerera kuntchito. Ine ndinayamba kuima munthu akandipatsa moni, n'kuyankha zonse mpaka za odwala. Gogo wina atamwalira m'mudzimo ndinamanga chitenje n'kupita, ndipo ndinatsuka mbale mpaka manja kufewa. Palibe anandiyamika, palibenso ananditonza.

Patatha miyezi iwiri ahedi anandiitanitsa ku ofesi, nkhope ili mwee.

"Zatheka, amayi! Mukupita kwanu."

Ndinalandira kalata ya transifa ija. Koma abale! Zaka zinayi ndikupempha, ibwere lero? Ndinkafuna kuing'amba, ndinkafunanso kuipsompsona. Mlungu wonse ndinkamanga katundu m'mawa, madzulo n'kumasula. Kwathu kunali amuna anga ndi amayi anga. Kuno kunali munthu amene sindinamuone bwino n'kumaso komwe.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita kwa mayi uja. Ndinamupeza akupalira pa nazale ya fodya kudimba.

"Mayi, ndikupita mawa. Ndilozereni pamene munamuika."

Anasamba m'manja ndi madzi a m'kheni, n'kunditsogolera mpaka pamene kanjira kamathera, pafupi ndi nkhalango ya manda. Sitinalowe. Analoza ndi mutu cha kum'mawa.

"Ali m'mphepete umo, pafupi ndi wanga wachiwiri. Wangayo nayenso sanalire. Pitani, aphunzitsi, ndikamabwera kudzazula udzu pa wanga ndizizula ponse pawiri."

Zaka zonsezo ndinali ndisakudziwa kuti mayiyu anatayapo mwana. Ndikanadziwa bwanji, munthu woyankha moni ndikuyenda?

Ndinapita kwathu. Kutentha kwa ku Nsanje ndinakupeza, Chisena ndinachimva, achibale anati bola mwabwera. Koma mtima sunakhazikike monga ndinkaganizira, ndipo mpaka lero sunakhazikike. Mvula ikayamba ndimaimba foni ku Mitundu kufunsa ngati yagwa yambiri, mayi uja n'kundikalipira kuti ndimafunsa zomwezomwezo. Pano pa sukulu yathu pakabwera mphunzitsi wochokera kutali, ndimamuvutitsa mpaka apite nane ku maliro a m'mudzi, kaya akwiye kaya atani.

Mulungu anatipatsa ana ena pambuyo pake. Anthu akandifunsa kuti ndili ndi ana angati, ndimati atatu. Awiri ali pano, woyamba ali ku Mitundu.